Mulungu Anandiyankha Kudzera mwa Katswiri wa ku Rome

Ndine mphunzitsi wa fizikisi ndi masamu pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'chigawo chapakati, bambo wapabanja, ndipo imvi zayamba kale kuoneka m'mutu. Ndalemba umboni uwu chifukwa chimene Mulungu wandichitira n'chachikulu, moti kukhala nacho chete kungakhale kumumana ulemu wake. Wandichotsera chisoni chimene ndinayenda nacho nthawi yaitali. Njira imene anadzera ndi yoti palibe m'busa kapena mnansi akanaiganizira, pakuti anagwiritsa ntchito mbiri ya munthu wa ku Italy, katswiri wa masamu a fizikisi, dzina lake Giovanni Jona-Lasinio.

Pomaliza digiri yanga yoyamba, mtima wanga wonse unali pa kupitiriza maphunziro. Koma bambo anga anatisiya m'chaka chomwecho, ndipo azing'ono anga ankafunika fizi, yunifolomu ndi chakudya. Ndinatenga choko n'kuyamba ntchito, ndikudziuza kuti sukulu ndidzabwerera zinthu zikakhala bwino. Patapita zaka, ine ndi mphunzitsi mnzanga tinalemba kabuku ka zoyesera za sayansi zimene mwana wakumudzi angachite ndi mabotolo, mawaya ndi mabatire akale a wailesi. Tinkalemba usiku tikatha kuchonga makope, nthawi zina pa kandulo. Ntchitoyo itafika kwa akuluakulu, dzina limene linamveka linali la mnzangayo yekha. Iye ndiye anapatsidwa mwayi wokaphunzira kunja, ine n'kutsala.

Kupemphera sindinasiye, ku tchalitchi sindinajombe, koma pemphero langa linasanduka funso limodzi lokha: Ambuye, zaka zangazi zikupita kuti? Bolodi yomweyo, silabasi yomweyo, njinga yomweyo. Ana amalowa Fomu 1, amatuluka Fomu 4, ine ndili pomwepo. Mayi a kunyumba ankandiona ndikakhala duu pakhonde madzulo, n'kunena kuti, "Bambo a ana, Mulungu sagona, musadzidye mtima." Ndinkavomera ndi mutu, koma bala linali lisanapole.

Yankho linabwera pa foni. Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa kalekale, mwana wachete amene ankakhala pa desiki yakutsogolo, anapeza malo ku Trieste, m'dziko la Italy, pa likulu la maphunziro a fizikisi limene Abdus Salam wa ku Pakistan anakhazikitsa mu 1964 pofuna kuthandiza ophunzira ochokera m'mayiko osauka. Tsiku lina ananditumizira pa WhatsApp chikalata chachitali cha Chingerezi, chodzaza masamu, pamodzi ndi mawu akuti, "Aphunzitsi, mukukumbukira chitsulo chija munkaika pa mbaula? Kuno akatswiri akulimbana ndi chitsulo chomwecho. Werengani ichi, ndinu munandiyambitsa."

Chitsulo chimene ankanenacho ndi ichi. Pa sukulu pathu labotale ndi ya dzina lokha, choncho ndikamaphunzitsa mmene kutentha kumayendera, ndimatenga kachitsulo kotalika kotsala pa zomangamanga, n'kumatapo timisomali ndi phula la kandulo, motalikirana zala zitatu zitatu. Nsonga imodzi ndimaiika pa makala a mbaula, inayo m'beseni la madzi ozizira. Ana amazungulira, maso ali tong'o. Posakhalitsa phula lapafupi ndi moto limanyezimira, kamsomali koyamba n'kugwa, kenako kachiwiri, kenako kachitatu, ana n'kumawerenga mokweza. Koma pamafika nthawi imene misomali imaleka kugwa. Yakutali imakhalabe yomatirira ngakhale mudikire mpaka belu lilire. Malo aliwonse pa chitsulopo afika pa kutentha kwake ndipo sakusinthanso, kufupi ndi makala n'kosagwirika, pakati n'pofunda, kufupi ndi madzi n'kozizira.

Woyang'ana ndi maso amati zonse zaima. Koma sizinaime ayi. Kutentha kukulowa mbali ya moto n'kumatuluka mbali ya madzi mosalekeza, ndipo kuyendako ndiko kukusunga chitsulocho mmene chililimo. Chotsani mbaula, mudikire pang'ono, chitsulo chonse chizizira n'kufanana ndi madzi ndi mpweya wa m'chipindamo. Pamenepo ndiye palibenso chimene chikuyenda. Pali kukhazikika kwa mitundu iwiri: kwa chinthu chimene zonse zatha, ndi kwa chinthu chimene mphamvu ikudutsamo.

Kukhazikika kwa chinthu chozizira kale, kumene akatswiri amakutcha equilibrium, malamulo ake anadziwika kalekale. Rudolf Clausius anatchula dzina la entropy mu 1865, Ludwig Boltzmann wa ku Vienna anasonyeza kuti entropy imawerenga njira zimene maatomu angakhalire, ndipo Albert Einstein mu 1910 anagwiritsa ntchito zimenezi powerengera mwayi woti chinthu chokhazikika chigwedezeke pang'ono pachokha. Koma chitsulo chili pamoto chinakhala chovuta. Joseph Fourier analemba mu 1822 lamulo la kuchuluka kwa kutentha kodutsa m'chinthu, ndipo Lars Onsager mu 1931 anapeza malamulo a zinthu zimene zangosuntha pang'ono kuchoka pa equilibrium, ntchito imene inamubweretsera mphoto ya Nobel mu 1968. Za zinthu zimene zakankhidwira kutali, malamulo ofanana ndi a Boltzmann ndi Einstein ankasowabe. Chonsecho pafupifupi chilichonse chamoyo chili m'gulu limeneli. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37 tsiku ndi tsiku chifukwa chakudya chikulowa ndipo kutentha kwa mawati pafupifupi 100 kukutuluka, ngakhale munthuyo atangokhala pansi. Dziko lonse lapansi limalandira kuwala kuchokera ku dzuwa, limene pamwamba pake pamatentha madigiri pafupifupi 5,500, n'kumabweza kutenthako mumlengalenga mozizira. Pakati pa kulandira ndi kubweza m'pamene pali mphepo, mvula, chimanga ndi ife.

Chikalata chimene mwana uja ananditumizira chinatuluka mu 2015 m'magazini ya akatswiri yotchedwa Reviews of Modern Physics, ndipo aliyense angachipeze kwaulere pa intaneti, pa arXiv. Olemba ake ndi asanu: Lorenzo Bertini, Alberto De Sole, Davide Gabrielli, Giovanni Jona-Lasinio ndi Claudio Landim wa ku Rio de Janeiro. Ntchito yawo, imene inayamba kumveka mu 2001 m'magazini ya Physical Review Letters, amaitcha macroscopic fluctuation theory. Anayamba ndi zitsanzo zosavuta kuzijambula: tizidutswa tikudumpha pa mzere wa malo, malo aliwonse olola kachidutswa kamodzi kokha, mbali imodzi kuli nkhokwe yodzaza, mbali ina nkhokwe yoperewera. Anasonyeza kuti munthu akadziwa zinthu ziwiri zokha, kufulumira kwa kufalikira kwa tizidutswato ndi mmene timamvera tikakankhidwa, angathe kuwerengera mwayi wa chochitika chilichonse chosowa, monga kuunjikana kwa tizidutswa malo amodzi kapena kuyenda kwambiri kuposa masiku onse. Zotsatira zawo zinagwirizana ndi yankho lenileni limene Bernard Derrida, Joel Lebowitz ndi Eugene Speer anapeza mu 2001 kudzera njira ina.

Zinthu ziwiri m'chikalatamo zinandikhudza kwambiri. Choyamba, m'chinthu chimene mphamvu ikudutsamo, malo otalikirana amakhala olumikizana: chimene chikuchitika mbali ino chili ndi chochita ndi cha mbali yakutali, pamene m'chinthu chozizira kale malo aliwonse amangodziwa oyandikana nawo. Chachiwiri, pa equilibrium njira imene chinthu chimadzera pochoka pa malo ake ndi yomweyo imene chimadzera pobwerera, kungoitembenuza. Koma chikakhala kuti mphamvu ikudutsamo, njira yopitira ndi yobwererera sizifanana. Masamu ake ananditulutsa thukuta, pakuti ambiri ndinali nditawasiya ku koleji, koma tanthauzo lake ndinalimva bwino lomwe.

Kenako ndinafuna kudziwa kuti anthu asanuwa ndi ndani, ndipo apa m'pamene Ambuye anandigwira pamtima. Jona-Lasinio anabadwa mu 1932 mu mzinda wa Florence, n'kuphunzira pa yunivesite ya Sapienza ku Rome. Ndiye kuti pamene ntchito ya 2001 ija inkatuluka, anali pafupi ndi zaka 70, ndipo pamene chikalata chimene ndinali nacho m'manja chinkasindikizidwa anali atapitirira zaka 80. Pa msinkhu umene ambiri a ife timakhala titapachika zida, iye ankatsegula munda watsopano pamodzi ndi anthu a misinkhu ya ana ake.

Mbiri yake inayamba kutali. Ali mnyamata wa zaka za m'ma 20 anapita ku Chicago, kumene anagwira ntchito ndi Yoichiro Nambu, katswiri wobadwira ku Japan. Nthawi imeneyo kunali kutangotuluka, mu 1957, kufotokozera kwa John Bardeen, Leon Cooper ndi Robert Schrieffer kwa chifukwa chimene zitsulo zina zikazizira kwambiri zimadutsitsa magetsi popanda chotchinga chilichonse, chodabwitsa chimene chinaoneka koyamba mu 1911 pa mercury yozizira madigiri 269 pansi pa ziro. Nambu ndi Jona-Lasinio anatenga nzeru ya m'zitsulo zozizirazo n'kupita nayo mkati mwa atomu. M'zikalata ziwiri za mu 1961 anasonyeza mmene tizidutswa ngati proton ndi neutron tingapezere kulemera kwake, komanso chifukwa chimene kachidutswa kotchedwa pion kali kopepuka kwambiri. Mfundo yake ndi yakuti malamulo achilengedwe angakhale osakondera mbali, koma chinthu chotsatira malamulowo n'kusankha mbali imodzi. Mpaka lero ntchitoyi imatchedwa ndi mayina awo onse awiri.

Mu 1969, ali ndi mnzake Carlo Di Castro, anatenga chida cha masamu chotchedwa renormalization group, chimene chinkagwiritsidwa ntchito pa tizidutswa ta mkati mwa atomu, n'kuchibweretsa pa funso lina. Chitsulo chikatentha kufika madigiri 770 chimataya mphamvu yake ya maginito. Madzi akafika madigiri 374 atapanikizidwa kwambiri, kusiyana kwa madzi ndi nthunzi kumatha. Pafupi ndi malire oterewa, zinthu zosiyana kotheratu zimatsatira manambala ofanana, ndipo funso linali lakuti n'chifukwa chiyani. Iwo anali m'gulu la oyamba kuloza njira imeneyi. Kenneth Wilson wa ku America ndiye anaikulitsa kuyambira mu 1971 mpaka inayamba kutulutsa manambala enieni, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1982. Jona-Lasinio anaphunzitsa ku Padua kuyambira mu 1970, n'kubwerera ku Rome mu 1974, kumene anakhala akuphunzitsa ndi kufufuza zaka makumimakumi, maso ake akutembenukira pang'onopang'ono ku masamu a mwayi ndi a zinthu zoyenda mwachisawawa.

Mu 2008 mphoto ya Nobel ya fizikisi inagawidwa pawiri, theka kwa Nambu, theka linalo kwa Makoto Kobayashi ndi Toshihide Maskawa. Nambu anaiyenera, pakuti mfundoyo anali atayamba kale kuilemba yekha mu 1960. Dzina la Jona-Lasinio silinali pa mndandanda. Koma Nambu, amene anali ndi zaka 87, sanapite ku Stockholm kukalandira mphotoyo, ndipo anapempha mnzake wakale uja kuti akakambe nkhani ya mphotoyo m'malo mwake. Pa 8 Disembala 2008, bambo wa zaka 76 anaima pamaso pa dziko lonse n'kufotokoza ntchito imene anaigwira nawo ali mnyamata, pa mwambo wolemekeza mnzake. Atatero anabwerera ku Rome kukapitiriza za tizidutswa todumpha pa mzere. Ulemu wake unabwera pambuyo: mphoto ya Dannie Heineman ya masamu a fizikisi mu 2012, ndi mendulo ya Boltzmann mu 2013.

Nditawerenga za tsiku la ku Stockholm lija, ndinaika foni pansi n'kulowa kuchipinda, ndipo ndinagwada. Za chikhulupiriro cha profesayu ndi za iye ndi Mlengi wake, ine sindinaimire zimenezo. Chimene ndikuchitira umboni n'chakuti Mulungu amalankhula ndi mwana wake m'chinenero chimene mwanayo amamva, ndipo ine, munthu wa choko ndi manambala, anandilankhula ndi fizikisi. Anandionetsa munthu amene kawiri konse anafesa nawo m'munda umene mphoto yake yaikulu inapita kwa ena, koma dzanja lake silinachoke pa khasu. Anandionetsanso mnzake amene pa tsiku la ulemu wake anakumbukira amene anagwira naye ntchito. Misozi imene inatuluka usiku umenewo inali yosiyana ndi ya zaka zonse zam'mbuyo, chifukwa inkatuluka pamodzi ndi katundu.

Ndili chigwadire, Mzimu anandikumbutsa za chitsulo chija. Ndinkalira kuti moyo wanga waima, popeza palibe chimene chinkasintha. Koma amene ananditumizira chikalatacho ndani? Mwana amene anadutsa m'kalasi mwanga. Ndinayamba kuwakumbukira mmodzimmodzi: amene pano ndi anamwino, amene amakonza magetsi a dzuwa m'midzi, amene nawonso agwira choko. Zaka zonsezo chisomo chinkalowa mbali imodzi, m'mawa uliwonse, monga mphamvu yodzuka, mpweya, nsima ya pa tebulo ndi chipiriro cha mkazi wanga, n'kumatuluka mbali ina mwa anawo. Ndinkaoneka wosasuntha chifukwa Mulungu anandiika kukhala podutsira. Akanachotsa dzanja lake tsiku limodzi lokha, ndikanadziwa kuima kwenikweni.

Masamu a anthu asanu aja sanalembedwe kuti akhale ulaliki, ndipo ine sindiwasandutsa ulaliki m'kalasi. Koma munthu amene amakhulupirira kale kuti zonse zinalengedwa ndipo zikusungidwa, akaona kuti chamoyo chilichonse chimaima chifukwa chikulandira mosalekeza, sangalephere kuyamika. Palibe mmodzi wa ife amene amasunga kutentha kwa thupi lake ndi chakudya cha chaka chatha.

Tsopano ndinene madalitso amene anatsatira. Loyamba ndi la mumtima. Ndinafufuza nambala ya mnzanga uja n'kumuimbira. Mawu anga anali opepuka, opanda mbola, ndipo ine ndemwe ndinadabwa. Tinacheza za ana athu ndi za ntchito, ndipo pomaliza iye yekha anayambitsa nkhani ya kabuku kaja, mawu ake akunjenjemera. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, zimenezo Ambuye anazitenga kale, tiyeni tione zakutsogolo." Lero tikulemba limodzi kabuku kena, ndipo ndi iye amene anaumirira kuti mayina onse awiri akhale pachikuto. Ubale wathu sunabwerere kudzera njira imene unachokera. Unadzera ina, ndipo ndi wakuya kuposa woyamba.

Lachiwiri ndi la maphunziro. Ndinatulutsa mabuku anga akale m'katoni, ena atadyedwa ndi njenjete m'mphepete. Loweruka madzulo ndimagula bandulo ya intaneti, mwana uja n'kumandiyendetsa pa foni m'masamu a mwayi, tsamba ndi tsamba. Akandikonza amayamba ndi kupepesa, "Pepani aphunzitsi, apo pali chizindikiro chotsala," ine n'kumuuza kuti, "Konza mwana wanga, n'chimene ndinakulerera." Palibe malipiro amene mphunzitsi angalandire oposa kuphunzitsidwa ndi amene anamuphunzitsa. Iye yemweyo ndiye anandikakamiza kulemba kalata yofunsira malo, ndipo pamene ndikulemba umboni uwu ndalandiridwa kuchita digiri yachiwiri ya fizikisi, yophunzira ndikugwira ntchito. Azing'ono anga aja, amene ndinawalipirira fizi ali ana, anasonkhana osandiuza n'kulipira ya chaka choyamba. Abale a mu mpingo wathu anawonjezerapo ya mabuku ndi ya mayendedwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndawaona.

Lachitatu lili m'kalasi. Chaka chino misomali italeka kugwa, ndinafunsa ana kuti, "Kodi kutentha kwaima?" Ambiri anati inde. Mnyamata wina wakumbuyo anaviika chala m'beseni n'kunena kuti, "Ayi aphunzitsi, madziwa akufunda." Ndinawauza kuti funso limene mnzawoyo wakhudza ndi chala ndi lomwe akatswiri a ku Rome ndi Rio de Janeiro akhala akulimbana nalo m'zaka zathu zino, ndipo silinathe. Ndinaona nkhope zawo zikusintha atamva kuti sayansi ili ndi malo amene sanalimidwe, ndi kuti mwana wa pa sukulu yoyendera angathe kukafikako, popeza mmodzi wa iwo anafika kale.

Ndikulankhula tsopano ndi inu amene mwakhala pa ntchito imodzi nthawi yaitali popanda wokutchulani: anamwino a usiku, alaliki a m'mipingo ing'onoing'ono, amayi amene mwalera ana a abale anu, alembi amene zolemba zanu zimasainidwa ndi ena. Mwina inunso mumafunsa kuti zaka zanu zikupita kuti. Werengani anthu amene adutsa m'manja mwanu, mudzaona kumene zapita. Ndipo inu amene mukuti nthawi yanu inatha, kumbukirani kuti Kalebe anali ndi zaka 85 pamene anapempha dziko lamapiri la ku Hebroni kuti likhale gawo lake. Amene anamusunga ndi mphamvu m'chipululu ndi yemweyo amene akutisunga ife. Ngati pali amene munagwira naye ntchito ndipo ulemu unabwera kwa inu nokha, mutchuleni akadali moyo. Zimenezo zimachiritsa anthu awiri.

Ndikuyamika Mulungu Atate chifukwa cha profesa wa ku Rome amene kukhulupirika kwake pa ntchito kunafika mpaka pa sukulu yathu. Ndikuyamika chifukwa cha mwana amene sanaiwale mbaula ya aphunzitsi ake, chifukwa cha mayi a kunyumba amene anandipirira, ndi chifukwa cha azing'ono anga ndi mpingo wonse. Mundipempherere kuti mutu wokalambawu ugwire masamu, ndimalize zimene ndayamba, ndiponso kuti ana amene ali m'manja mwanga lero adzafike kutali kuposa ine. Ulemerero wonse ukhale kwa Iye amene amapatsa tsiku ndi tsiku osatopa, m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.